Mukupita ku attachment ku Kitwe? Musathamangire kugula galimoto

Inu achinyamata a muno mu Lusaka amene mwapeza malo a attachment (kuphunzira ntchito pamalo a ntchito) ku Copperbelt, miyezi itatu si yogulira galimoto. Mukagula mothamanga, mudzagulitsa motchipa pobwerera, mwinanso musanasinthe n'komwe dzina pa white book (chikalata cha umwini wa galimoto) ku RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu.

Pitani kaye pa basi, mukwere ku Intercity. Sabata yoyamba muone mtunda wochokera komwe mukugona kufika kuntchito. Nthawi zambiri minibasi imakwanira.

Ngati ntchitoyo ikufunadi galimoto, kubwereka kwa achibale n'kwabwino, koma pempho lanu likhale lomveka: tsiku lobweza, amene adzagula mafuta, amene adzalipira ikawonongeka. Lembani pa pepala, amalume asaine, muwonjezepo mawu akuti akulolani kuyendetsa. Manyazi apa sathandiza.

Musananyamuke, imani kutsogolo kwa galimoto muwerenge madeti a road tax, fitness (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi. Imodzi ikathera pakati pa attachment, mudzakangana ndi apolisi pa roadblock muli kutali ndi mwini wake. Funsaninso a inshuwalansi ngati imateteza dalaivala wina. Ine mwana wa mlongo wanga anatulutsa tayala la sipeya pafupi ndi Kapiri Mposhi, n'kupeza lilibe mpweya, jeke kulibe.

Lusaka mpaka Kitwe ndi makilomita pafupifupi 360. Sungani ndalama za ma toll gate monga a Katuba ndi Manyumbi, ndipo nyamukani m'mamawa, chifukwa malole a msewu umenewu usiku si ocheza nawo.