Mukapeza Rolls-Royce ya m'ma 1930, yambani ndi matabwa

Galimoto zapamwamba zomwe zinapangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe sizikonzedwa ngati Corolla. Ine ndine kalipentala, ndimagwiranso za mabodi a galimoto kuno ku Mangochi, ndipo imodzi yotere, Rolls-Royce 20/25, inadutsa m'manja mwanga kuchokera panyumba ina ya m'mbali mwa nyanja komwe inakhalitsa itafunditsidwa lona. Zomwe ndikunena pano n'za mtundu umenewu, koma zambiri zikukhudzanso Bentley za nthawi yomweyo.

Choyamba dziwani kuti galimotoyi inapangidwa ndi makampani awiri. Ku Derby, ku England, a Rolls-Royce ankapanga chesisi, injini, giyabokosi ndi ledieta, basi. Wogula ankapereka chesisiyo kwa amisiri a mabodi monga Hooper, Barker, Park Ward, H. J. Mulliner kapena Thrupp & Maberly, ndipo ena mwa amenewa anayambira pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi. Iwo ankakhoma felemu ya mtengo wa ku Ulaya wotchedwa ash n'kuikuta ndi aluminiyamu wosulidwa pamanja, malinga ndi kukonda kwa mwini ndalama. Za 20/25 zinapangidwa 3,827 kuyambira 1929 mpaka 1936. A Rolls-Royce anadzayamba kugulitsa galimoto yobwera kale ndi bodi yachitsulo mu 1946, pa galimoto yawo ya Bentley Mark VI. Ndiye musayembekeze kuti chitseko cha ina chilowa pa inzake. Chomwe chawola mupanga nokha.

Musanagwire sipanala, fufuzani manambala. Ya chesisi ili pa kachitsulo kokhomedwa kuseri kwa injini, ndipo dzina la amene anakhoma bodi limapezeka kawirikawiri popondera m'munsi mwa chitseko. Tumizani nambalayo ku Rolls-Royce Enthusiasts' Club, kalabu ya ku England ya okonda galimotozi, akufufuzireni makadi a fakitale osonyeza woyamba kugula ndi kampani yomwe inalandira chesisi. Jambulani chilichonse pa foni musanamasule, ndipo zomangira za malo amodzi ziikeni m'kachitini kakekake, kolembedwa.

Tsopano matabwa, pomwe pagona ntchito yonse. Anthu amaona penti yosuluka n'kuthamangira kwa wopopera, osadziwa kuti penti yatsopano pa felemu yofumbwa ing'aluka pasanathe chaka, chifukwa bodi yonse imagwedera poyenda. Tsegulani chitseko pang'ono, muchigwire kumapeto n'kuchinyamula. Chikakwera ndi kutsika, ndiye kuti nsanamira ya mahinjesi yatha. Kenako chotsani mipando ndi nsalu zam'kati, mutenge chisongole muzibaya thabwa lililonse, makamaka m'munsi mwa nsanamira, mozungulira matayala akumbuyo ndi pansi pa magalasi pomwe madzi amatsikira. Pa ija ndinagwira ineyo, nsanamira ya kumanzere inkaoneka yabwinobwino, vanishi ali phuliphuli, koma chisongole chinangolowa nyomi, m'kati muli dothi lokhalokha. Chiswe chinakwera kudzera pa tayala lophwa, n'kudya mtima wa thabwa kusiya khungu. Ash kwawo amaopa chinyezi. Kuno chiswe ndiye mdani wamkulu.

Musaphwasule felemu yonse nthawi imodzi, ngakhale itaola chotani. Mukatero mwataya muyeso, ndipo palibe pulani yoti mukaonerepo. Khomani timitengo topingasa m'makomo ndi pakati pa bodi kuti isapindike, kenako muzichotsa thabwa limodzi, kusema latsopano moonera lakalelo, kulibwezera, n'kupita pa lina. Aluminiyamu anamupindira m'mphepete mwa matabwa n'kumukhomera ndi timisomali ting'onoting'ono. Mupinduleni pang'onopang'ono mutamutenthetsako, apo ayi athetheka, chifukwa wakalamba.

Nanga mtengo wake? Amene angakwanitse kuitanitsa ash achita bwino, popeza ndi wopepuka ndipo umapindika osathyoka. Ine ndimakhulupirira mlombwa wouma bwino: sufota kwambiri, umagwira zomangira, ndipo chiswe sichiukonda. Ugulidwe kwa amene ali ndi mapepala a zankhalango, poti ndi mtengo wotetezedwa. Bulugamu ayi, amapotoka. Paini ndi wofewa, mahinjesi a chitseko cholemera chonchi sangakhalitsepo. Pa matabwa okhota a kumbuyo kwa denga ndinapita kwa mdala wina wokhoma mabwato cha ku Malindi. Anangoyang'ana chidutswa chowolacho n'kunena kuti, "Achimwene, ichi musacheke pa thabwa lowongoka, chidzathyokera apa. Tipeze chokhota chokha." Tinakasankhadi nthambi yokhota mwachibadwa, monga amachitira ndi nthiti za bwato, ndipo inakhala pamalo pake popanda kuikakamiza. Amisiri a m'mbali mwa nyanja ntchito imeneyi amaidziwa kuposa ambiri a m'magalaja, ndipo zimandiwawa kuti sitiwawerengera.

Paliponse pomwe aluminiyamu akhudzana ndi chitsulo ikanipo kansalu kopaka penti, chifukwa ziwirizi zikakumana pali chinyezi aluminiyamu amasanduka ufa woyera.

Injini musailize kaye, ngakhale mtima ukufunitsitsa kuimva. Ndi ya masilinda 6, ya 3,669 cc, ndipo oyilo wa zaka zambiri amakhala atasanduka phala pansi pake komanso m'kati mwa crankshaft. Oyilo wamakono amasungunula phalalo n'kulikankhira m'ma bearing, omwe ndi a chitsulo chofewa chotchedwa white metal, ochita kuthira ndi kupala pamanja. Tsitsani sampu mutsuke. Njira za madzi nazonso zimatsekeka ndi dzimbiri, ndipo ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala mutu wa injini ukhoza kung'aluka. Zitsukeni mpaka madzi atuluke oyera, muone kuti timazenera ta kutsogolo kwa ledieta tikutseguka, ndipo musathiremo madzi a pamjigo. Thirani a mvula kapena oyera aja owonjezera m'batire (osati asidi), osakaniza ndi coolant.

Mabawuti ake ndi a miyeso yakale ya ku Britain, BSF ndi BA, ofuna masipanala a Whitworth ndi a BA. Sipanala ya mamilimita imadya mitu, ndipo bawuti ya pa hadiweya imaononga mazinga. Mabuleki alibe mafuta: amakoka ndi zitsulo, mothandizidwa ndi servo (chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi) yoyendetsedwa ndi giyabokosi, luso lomwe a Rolls-Royce anatenga kwa Hispano-Suiza. Petulo amakwera kuchokera m'thanki ya kumbuyo ndi kachipangizo kotchedwa Autovac. Kakamavuta, kawirikawiri kamakhala kakuba mpweya pa gasiketi, musakataye. Ngati yanu ili ndi chopondera chothirira oyilo chesisi yonse, musapakemo girisi, mutseka timapaipi take.

Za chikopa, nsalu ndi penti zibwere pomaliza, zitseko zikayamba kutsekeka ndi chala chimodzi. Chikopa chakale chomwe sichinang'ambike chisiyeni, mungochifewetsa.

Mukamaliza, iyeseni m'mamawa kusanatenthe, pa msewu wa ku Monkey Bay, maso ali pa geji ya madzi. Poisunga pakhale pa simenti, pansi pa denga lodutsa mphepo, osati pa mchenga kapena m'lona, ndipo sabata iliyonse muziwerama n'kuona ngati pa matayala sipanayambe timizere ta dothi.