Akakuchotsani ntchito chifukwa cha chikwanje kapena mpeni: zochita kuyambira pageti mpaka ku Leba

Kwathu kuno ku Chipata chikwanje ndi chiwiya ngati khasu. Munthu amalawirira kudimba m'mbali mwa Lutembwe, akamaliza n'kuchikulunga m'saka, kuchimanga pakaliyala ya njinga, ulendo wa kuntchito. Wina amaweruka usiku, ndipo njira ya ku Mchini kapena ku Nabvutika mukuidziwa, ndiye amasunga kampeni m'thumba kuopa achifwamba. Tsiku limene mlonda wa pageti adzapisa dzanja m'chikwama, chiwiya chija chimasintha dzina. Papepala chimalembedwa kuti chida choopsa, ndipo pofika Lachisanu munthu ali pakhomo.

Ambiri amathera mphamvu zonse pa mawu amodzi: "Ine sindinafune kubaya munthu." N'zoona, koma mlandu wotere umayendera mapepala ndi masiku. Lamulo loutsogolera muno mu Zambia ndi Employment Code Act, nambala 3 ya chaka cha 2019. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende ali ndi malamulo awoawo, choncho zimene zili pano n'za enafe ogwira ntchito m'mashopu, m'mafamu, m'malo opunthira thonje, m'mahotela ndi m'maofesi.

Choyamba: pageti pomwepo

Musachigwire m'manja pofotokoza. Chisiyeni pomwe achipeza, manja anu azioneka. Munthu wokwiya atagwira mpeni, ngakhale akungoloza nawo poyankhula, wadzipatsa mlandu wachiwiri woposa woyamba. Itanani mnzanu mmodzi aone, ndipo pemphani kuti m'buku la alonda alembe zenizeni: chinali chiyani, chinali pati, chinali chokulunga kapena ayi. "Chikwanje chokulunga m'saka panjinga yoimikidwa panja" ndi "mpeni m'chiuno mkati mwa sitolo" ndi nkhani ziwiri zotalikirana kwambiri. Pepala limene simunaliwerenge, kapena la Chingerezi chimene simunachimve bwino, musasaine. Nenani mwaulemu kuti, "Abwana, ndiloleni ndiyambe ndawerenga, kapena wina andimasulire."

Madzulo omwewo lembani m'kope tsiku, nthawi, amene analipo ndi zimene aliyense ananena. Pakatha milungu itatu mutu umayamba kusakaniza.

Chachiwiri: pemphani kuona lamulo limene akuti mwaswa

Gawo 95 la lamulo lija limafuna kuti wolemba ntchito akhale ndi malamulo olembedwa a khalidwe la pantchito ndiponso njira yodandaulira, komanso kuti awadziwitse antchito ake onse. Pitani kwa a HR, oyang'anira za antchito pakampani, kapena kwa kalaliki mukapemphe kope. Mukalipeza, fufuzani zinthu zitatu. Kodi zida zikutchulidwa, ndipo akuti chida n'chiyani? Kodi chilango cha wolakwa koyamba ndi chenjezo kapena kuchotsedwa nthawi yomweyo? Kodi inu anakuonetsani liti malamulowo, ndipo munasainira?

Ndinene mosabisa. Ngati pageti pali chikwangwani chachikulu chojambulidwa mfuti ndi mpeni, ndipo mwakhala mukuchidutsa zaka zinayi, mawu akuti "sindimadziwa" sakuthandizani. Koma ngati malamulowo amangokhala m'kabati ya manijala, kapena akuti wolakwa koyamba achenjezedwe koma inu akuthamangitsani, pamenepo mwapeza pogwira.

Chachitatu: kalata yodzifotokozera

Apa m'pamene anthu ambiri amadzimangirira okha chingwe. M'makampani ambiri muno mu Zambia amayamba n'kukupatsani pepala la mlandu, lija amati charge sheet, n'kukuuzani kuti muyankhe polemba pasanathe masiku akutiakuti. Yankho lanulo ndi limene amalitcha exculpatory letter. Musadutsitse tsiku limene aika. Ngati nthawi yachepa, lembani mizere iwiri yopempha kuti akuonjezereni.

Kalatayo ikhale yaifupi, tsamba limodzi lakwana. Yambani ndi zimene zinachitika, monga mmene zinachitikira. Kenako chifukwa chake chinthucho chinali ndi inu. Kenako zimene simunachite: simunachitulutse, simunaopseze munthu, simunakane kusechedwa. Pomalizira tchulani zaka zimene mwagwira ntchito, ndipo ngati simunalandirepo chenjezo, nenani. Mwachitsanzo: "Lolemba m'mawa ndinachokera kudimba ndipo chikwanje chinali m'saka panjinga. Sindinalowe nacho m'nyumba yogwirira ntchito. Mlonda atafunsa ndinamupatsa popanda kukana. Ndagwira ntchito pano zaka 6 popanda chenjezo lililonse."

Bodza lipeweni. Masiku ano mageti ambiri ali ndi makamera, ndipo munthu amene akanangochenjezedwa chifukwa cha mpeni amachotsedwa chifukwa chonama. Pewaninso mawu a mtima wapachala. Wina amalemba kuti, "Ndinatenga mpeni chifukwa kapitawo amandiopseza." Iye akuona ngati akudziteteza, koma owerenga akuona munthu amene anakonzekera ndewu. Ngati pali amene amakuopsezani, imeneyo ndi nkhani yoilemba payokha kudzera m'njira yodandaulira, ndipo ikakula mupite nayo kupolisi.

Pali anthu amene ntchito yawo ndi ya mpeni: wophika, wa mubutchala, wosamalira maluwa, wodula zingwe za mabelo a fodya kapena a thonje. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, lembani momveka kuti chinthucho ndi chogwirira ntchito, anakupatsani ndani, ndipo mumachisunga kuti masiku onse. Ngati munagula nokha chifukwa cha kampani chinabuntha, ndipo kapitawo ankadziwa, tchulani zimenezo ndi mboni yake.

Jambulitsani fotokope musanapereke. Wolandirayo asaine ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Akakana, jambulani ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp ya ofesi kuti tsiku lioneke.

Chachinayi: tsiku lomva mlandu

Gawo 52 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha khalidwe lake asanapatsidwe mpata wonena mbali yake. Mukaitanidwa, pitani. Ena amanyanyala poganiza kuti zonse zinakonzedwa kale, koma mpando wanu ukakhala wopanda munthu abwana amangolemba kuti mpata tinapereka, mwini wake sanabwere. Funsani pasadakhale ngati mungabwere ndi woimira yuniyoni kapena mnzanu wa pantchito, ndipo pemphani womasulira ngati Chinyanja ndiye chimene mumamasuka nacho. Funsani mafunso kwa mlonda amene anakugwirani. Ngati mukudziwa wina amene anapezeka ndi chinthu chofanana koma anangochenjezedwa, nenani pamenepo kuti zilembedwe.

Pali msampha umodzi wofala. Amakutengerani pambali n'kunena kuti, "Achimwene, ingolembani kalata yosiya ntchito nokha, dzina lanu lisaipe." Nthawi zina ndi chifundo chenicheni, makamaka ngati mlandu wanu ndi woonekeratu. Koma dziwani kuti mukasiya nokha, kudzadandaula pambuyo pake kuti anandichotsa mosayenera kumavuta kwambiri. Musalembe tsiku lomwelo. Kagoneni, mufunse kaye a yuniyoni kapena a Leba, ofesi ya boma yoona za antchito.

Akakuimitsani kaye ntchito podikira mlandu, pemphani kalata yonena zimenezo ndi tsiku lobwerera. Musapite kumudzi ku Chadiza kapena ku Lundazi foni itazima, mungadzapeze akulemberani mlandu wina wojomba.

Chachisanu: kalata yochotsedwa ndi apilo

"Usabwerenso mawa" wapakamwa si wokwanira. Lamulo limafuna kuti akuuzeni chifukwa chimene akukuchotserani, ndiye pemphani kalata. Onani tsiku limene lalembedwapo ndi tsiku limene mwailandira. Gawo 50 limalola kuchotsa munthu popanda notisi pa milandu ikuluikulu, monga kukana dala lamulo loyenera la abwana, kapena mlandu umene malamulo a kampani anaika kale kuti chilango chake ndi chimenecho. Nkhani za zida nthawi zambiri zimalowera pamenepa. Gawo lomwelo limalamula wolemba ntchito kuti pasanathe masiku 4 atumize lipoti lolembedwa kwa mkulu wa Leba wa m'boma limene munkagwira ntchito, lofotokoza zimene zinachitika. Mukafika ku Leba funsani ngati lipotilo linafika.

Ngati malamulo a kampani ali ndi apilo, chitani apiloyo polemba, m'masiku amene aika.

Chachisanu n'chimodzi: ndalama zanu

Ngakhale mlandu utakugwerani, thukuta lanu silifa. Gawo 51 limati wochotsedwa popanda notisi alipidwe malipiro ake ndi zina zonse zimene anali atazigwirira kale kufika tsiku lochotsedwa. Werengerani nokha musanapite kwa akauntanti: masiku a mwezi uno amene mwagwira, ovataimu yosalipidwa, ndi masiku a tchuthi amene simunapume. Lamulo limapereka masiku osachepera 2 pa mwezi uliwonse, kutanthauza 24 pa chaka chathunthu. Ndalama ya notisi yokha musaiyembekezere ngati kuchotsedwako kwatsata lamulo. Werenganinso kontrakiti yanu mzere ndi mzere, muone zimene inalonjeza potha ntchito, n'kukafunsa a Leba ngati zikukuyenerani.

Pemphaninso chikalata chosonyeza kuti munagwirapo ntchito, certificate of service, chimene gawo 59 limalamula kuti mupatsidwe. Chimakhala ndi dzina lanu, nambala ya chitupa chanu cha boma (NRC), tsiku loyamba ndi lomaliza, mtundu wa ntchito ndi za ndalama za penshoni. Ndicho mudzaonetse pofuna ntchito ina. Dutsaninso ku ofesi ya NAPSA, bungwe losunga ndalama za penshoni za antchito, mu Chipata mukatenge sitetimenti. Mwezi uliwonse 5 peresenti inkadulidwa pa malipiro anu ndipo abwana ankayenera kuikapo 5 peresenti ina. Ndalama imeneyo ndi yanu, kuchotsedwa ntchito sikuifafaniza, ndipo ino ndiyo nthawi yabwino yoonera ngati miyezi yonse inkatumizidwadi.

Polandira ndalama angakupatseni pepala lonena kuti nkhani yonse yathera pamenepo. Ngati mukufuna kukadandaula, musasaine musanafunse.

Chachisanu n'chiwiri: ku Leba ndi kukhoti

Akuluakulu amati mlandu suola, koma wa ntchito umaola. Gawo 52 limakupatsani njira ziwiri: kukanena kwa mkulu wa Leba, kapena kukasuma kukhoti pasanathe masiku 30 kuchokera pamene mwachotsedwa. Lamulo lina lakale, Industrial and Labour Relations Act, limatchula masiku 90 okaperekera dandaulo ku nthambi ya High Court yoona za antchito, Industrial Relations Division. Ine ndimauza anthu kuti asunge 30 m'mutu, chifukwa wofulumira sakanganapo ndi loya wa kampani za masiku. Musadalire malonjezo akuti "tikuyang'anabe nkhani yanu" pamene kalendala ikuyenda.

Ofesi ya Leba, ya unduna wa Labour and Social Security, ndiyo poyambira. Nyamulani NRC, kontrakiti, mapepala a malipiro, pepala la mlandu, yankho lanu, kalata yochotsedwa ndi kope lija munalembamo zimene zinachitika pageti. Iwo amaitana abwana kuti mukambirane, ndipo nkhani zambiri za ndalama zotsala zimathera pomwepo. Zikakanika, ndipo mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Board, ali ndi ofesi mu Chipata. Pamlandu, udindo wosonyeza kuti chifukwa chochotsera chinali chomveka ndipo njira inali yachilungamo uli pa wolemba ntchito. Komabe musamange chiyembekezo pa kubwezeredwa ntchito. Makhoti athu sachita zimenezo kawirikawiri. Munthu akapambana, nthawi zambiri amalandira ndalama ya chipepeso, ndipo mlandu umatenga nthawi.

Ikakhala mfuti

Apa nkhani imalemera. Firearms Act imafuna laisensi kwa aliyense wosunga mfuti, ndipo kukhala nayo popanda laisensi ndi mlandu wa kupolisi. Laisensiyo ikakhalapo, imakulolani kusunga mfuti, koma sikulamula mwini fakitale kuti akuloleni kulowa nayo. Mlimi amene amateteza mbewu ku nyani kapena ng'ombe kwa akuba, n'kuiwala mfuti kuseri kwa mpando wa galimoto imene waimika mkati mwa mpanda wa kampani, akhoza kuchotsedwa ngakhale mapepala ake ali bwinobwino. Mlandu wa kupolisi ndi wa kuntchito umayenda uliwonse panjira yake. Abwana sakakamizidwa kudikira khoti, ndipo khoti likakumasulani sikuti ntchito yabwerera yokha. Apolisi akalowererapo, funani loya musanalembe kalata yodzifotokozera ija, chifukwa zimene mwavomera kuntchito zikhoza kukutsatirani. Police bond, belo imene apolisi amapereka kuti mudikire mlandu muli kunyumba, ndi yaulere, wina asakulipiritseni.

Nanga chikwanje chija? Ngati sichili m'manja mwa apolisi, ndi katundu wanu ndipo mukhoza kuchipempha polemba mlandu ukatha. Kokatenga tumani mlamu wanu kapena mnzanu wa pantchito, atenge saka, akasainire kwa mlonda. Inu, amene mwangochotsedwa kumene, musaoneke pageti lomwe lija mutachigwira m'manja.