Momwe mungatolere ma ammonite ku gombe la Charmouth

Mwafunsa poyambira ngati mukufuna kutola zamoyo zam'nyanja zakale zomwe zinasanduka miyala ku Charmouth ndi Lyme Regis, kumwera kwa England. Miyala yakumeneko ndi ya nyengo ya Jurassic, zaka pafupifupi 190 miliyoni zapitazo, ndipo n'komwe Mary Anning, wotola zamoyo zakalezi wotchuka, ndi mchimwene wake Joseph anapeza mafupa a ichthyosaur, nyama yam'nyanja yakale ya m'gulu la zokwawa, m'zaka za 1811 ndi 1812.

1. Onani kaye nthawi yomwe nyanja idzaphwe. Nyamukani madzi akayamba kuphwa, mutuluke asanadzaze. Apa musachite chibwana ayi, chifukwa madzi akadzaza amatseka njira, munthu n'kupanikizika kutsinde kwa therezi.

2. Pitani nthawi yozizira ya ku England, makamaka mkuntho ukangodutsa. Mafunde amakhala atakokolola dothi, zobisika zili poyera.

3. Musakumbe therezi, musakhalenso pansi pake. Dothi lake ndi lofewa, limagumuka mosachenjeza. Tolani zomwe zagwa kale.

4. Yendani mwachifatse mutawerama, maso pakati pa timiyala. Ammonite imapiringana ngati bongololo wodzikulunga. Zina ndi zazing'ono zedi, zonyezimira ngati golide chifukwa cha pyrite (mwala wokhala ndi chitsulo ndi sulufule), ndipo zimakonda kusonkhana pomwe mchenga wadera. Belemnite, mtundu wina wa zamoyo zakalezi, ndi yayitali, yosongoka mbali imodzi. Nyundo sikufunika kwenikweni, woyamba kumene amangophwanya nayo zabwino.

5. Tsukani ndi madzi opanda mchere, muumitse bwinobwino, musunge pouma. Pyrite imafumbwa ndi chinyezi.

6. Mukapeza mafupa kapena chachilendo, kalembetseni ku Charmouth Heritage Coast Centre kuti akatswiri achione.