Momwe Mungayambire Kuwerenga Makhadi a Lenormand

Musanachite china chilichonse, werengani kuti makhadi amene ali m'bokosi mwagulalo alipo angati. Akakhala 78, amenewo ndi a Tarot, mtundu wina wa makhadi olosera. Akakhala 54 ndipo khadi iliyonse yadzaza tizithunzi tambirimbiri, mwagula Grand Jeu Lenormand, yomwe ndi nkhani ina. Amene tikunena pano ndi Petit Lenormand: makhadi olosera 36, iliyonse ili ndi nambala ndi chithunzi chimodzi chosavuta kuzindikira, monga galu, nyumba, kiyi kapena bokosi la maliro.

Dzinali ndi la Marie Anne Lenormand, mayi wolosera wa ku France yemwe anabadwira ku Alençon mu 1772 n'kumwalira ku Paris mu 1843. Anatchuka chifukwa cholosera anthu akuluakulu, kuphatikizapo Joséphine, mkazi wa Napoleon, wolamulira wa France. Koma makhadi 36 amenewa sanawapange ndi iye. Zithunzi zake zinachokera ku masewero a madayisi otchedwa Das Spiel der Hoffnung, omwe Johann Kaspar Hechtel anakonza ku Nuremberg cha m'ma 1799. Mayiyo atamwalira, osindikiza a ku Germany anamata dzina lake pa bokosi kuti malonda ayende. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti makhadi ake ndi enieni amene mayi Lenormand ankagwira m'manja n'chifukwa chake akwera mtengo, dziwani kuti akukunamizani.

Kupeza makhadi

Gulani osavuta. A kampani ya Piatnik ya ku Vienna kapena amene amatchedwa Blue Owl ndi abwino kwa woyamba, chifukwa chithunzi chimaoneka ngakhale khadi ili patali. Amakono ambiri ndi okongola koma ojambula amawonjezera zinthu: pa khadi ya Nyumba amaikapo mtengo, galu ndi mwezi, ndiye mukayala makhadi ambiri maso amasokonezeka. Kukula kwake kulinso ndi ntchito. Tengani aang'ono, chifukwa tsiku lina mudzafuna kuyala onse 36 patebulo limodzi.

Pa intaneti pali achinyengo ambiri. Makhadi okopera mozemba amadziwika ndi pepala lopyapyala, mitundu yofufuma, ndiponso m'malo mwa kabuku amangoika QR code pa bokosi. Ena amagulitsa makhadi a Kipper, omwenso ndi 36 ndipo ndi a ku Germany komweko, n'kulemba kuti Lenormand. Onani khadi yoyamba: ikhale munthu wokwera kavalo, ndipo yomaliza ikhale mtanda. Mukapeza 38 kapena 40, kawirikawiri aika Mwamuna ndi Mkazi owonjezera, ndipo owonjezerawo mungowaika padera. Poitanitsa kunja ndalama yotumizira imatha kuposa mtengo wa makhadiwo, ndiye ngati pali m'bale amene akubwera kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande, mutumeni.

Njira yachidule ilipo. Gulani makhadi wamba osewerera, chotsani ma joker ndi ma 2, 3, 4 ndi 5 onse. Pa 52 mwachotsa 16, atsala 36. Lembani nambala ndi dzina pa khadi iliyonse ndi cholembera chosafufutika. Khadi iliyonse ya Lenormand ili ndi inzake mwa osewererawa: Nyumba ndi K ya mtima, Nsomba ndi K ya dayamondi, Mwamuna ndi A ya mtima. Poyamba pano musavutike nazo kuzilinganiza, bola manambala akhale olondola.

Mayina ndi matanthauzo

Lowezani manambala, ndipo khadi iliyonse muipatse mawu awiri kapena atatu basi. 1 Wokwera kavalo ndi uthenga kapena mlendo amene akubwera. 2 Kalova, katsamba ka mwayi, ndi mwayi waung'ono wosakhalitsa. 3 Chombo ndi ulendo ndi malonda akutali. 4 Nyumba ndi banja ndi pakhomo. 5 Mtengo ndi thanzi ndi zinthu zokula pang'onopang'ono. 6 Mitambo ndi chisokonezo. 7 Njoka ndi chiwembu kapena njira yokhotakhota. 8 Bokosi la maliro ndi kutha kwa chinthu. 9 Maluwa ndi mphatso. 10 Chikwakwa ndi kudula mwadzidzidzi. 11 Chikwapu ndi mkangano wobwerezabwereza. 12 Mbalame ndi macheza, mafoni ndi nkhawa.

13 Mwana ndi chinthu chatsopano kapena chaching'ono, 14 Nkhandwe ndi kuchenjera ndi chinyengo, 15 Chimbalangondo ndi mphamvu kapena bwana, 16 Nyenyezi ndi chiyembekezo, 17 Dokowe ndi kusintha kapena kusamuka, 18 Galu ndi bwenzi, 19 Nsanja ndi boma ndi maofesi, 20 Munda ndi gulu la anthu ndi zochitika zapoyera, 21 Phiri ndi chotchinga, 22 Mphambano ndi chisankho, 23 Makoswe ndi kutayika pang'onopang'ono, 24 Mtima ndi chikondi. Khadi ya 23 pa chithunzi ndi timbewa, koma ndi bwino kuitcha Makoswe. Kwathu mbewa ndi ndiwo, pomwe khadiyi ikunena za chinthu chimene chikukudyerani m'nkhokwe usiku.

Otsalawo ndi 25 Mphete, pangano kapena ukwati, 26 Buku, chinsinsi ndi maphunziro, 27 Kalata, zolembedwa, 28 Mwamuna, 29 Mkazi, 30 Kakombo, mtendere ndi uchikulire, 31 Dzuwa, kupambana, 32 Mwezi, kutchuka ndi za mumtima, 33 Kiyi, yankho lotsimikizika, 34 Nsomba, ndalama, 35 Nangula, kukhazikika, 36 Mtanda, katundu wolemera wa mavuto.

Makhadi a Lenormand sawerengedwa chadodolido. Ikatuluka yozondoka, ingoitembenuzani.

Pa nkhani ya ntchito mabuku amasiyana. Owerenga a ku Germany amati khadi ya ntchito ndi Nangula, a ku France amati Nkhandwe, a ku Belgium ndi Netherlands amati Mwezi. Sankhani imodzi, muilembe patsamba loyamba la kope lanu, ndipo musasinthe. Amene amasinthasintha malinga ndi kanema amene waonera dzulo pa YouTube saphunzira kanthu.

Makhadi awiri: apa m'pomwe ambiri amagwera

Khadi imodzi payokha siyankhula. Amene anazolowera Tarot amatenga khadi n'kuisinkhasinkha mphindi khumi, kuyang'ana nkhope ya galu ngati ali wokondwa kapena ayi. Mu Lenormand zimenezo n'kutaya nthawi. Khadi ndi liwu limodzi, ndipo mawu amayenera kulumikizidwa kuti apange chiganizo.

Lamulo lake ndi ili: khadi yakumanzere ndi chinthucho, yakumanja ikufotokoza kuti chinthucho n'chotani. Olankhula Chichewa tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa ndi mmene timayankhulira kale. Timati nyumba yaikulu, galu wolusa, dzina patsogolo, chofotokoza pambuyo. Ndiye mukatulutsa Kalata kenako Nsomba, nenani mokweza kuti kalata ya ndalama: risiti, bilu, kapena uthenga wa pafoni woti ndalama zalowa. Zikasinthana, Nsomba kenako Kalata, ndi ndalama za papepala, monga cheke kapena ndalama zimene zalembedwa koma simunazigwire. Galu ndi Nkhandwe ndi bwenzi lachinyengo. Nkhandwe ndi Galu ndi wachinyengo amene akudzionetsa ngati bwenzi. Zikumveka zofanana, koma woyambayo mumamudziwa kale, wachiwiriyo wangobwera kumene ndi nkhope yofatsa.

Cholakwika chachikulu ndi kuwerenga khadi yoyamba n'kumaliza, kenako yachiwiri n'kumaliza. Munthu aona Bokosi la maliro, mtima uli phaa, osayang'ana kuti latsatana ndi chiyani. Phiri kenako Bokosi ndi chotchinga chimene chatha, nkhani yabwino. Mtanda kenako Bokosi ndi mavuto amene afika kumapeto. Dzuwa kenako Bokosi ndiye zoipa, ngakhale Dzuwa ndi khadi yosangalatsa. Chimene chimasokoneza anthu ndi kugawa makhadi m'mutu kuti awa ndi abwino, awa ndi oipa, n'kumangowerenga kuti abwino atuluka angati.

Pali makhadi ena amene amaphwanya lamuloli, ndipo muwadziwe msanga. Mitambo ili ndi mbali yakuda ndi mbali yowala. Khadi imene yagona kumbali yakuda ndi imene ili m'chisokonezo, inayo zikuyera. Chikwakwa chimadula khadi imene mpeni wake waloza. Vuto n'lakuti osindikiza ena amajambula mpeniwo ukuloza kumanja, ena kumanzere, ndiye yang'anani anuwo musanakhulupirire buku. Makoswe amadya chimene ayandikana nacho: akakhala pafupi ndi Nsomba ndalama zikutha pang'onopang'ono, koma akakhala pafupi ndi Phiri akukuchepetserani chotchinga.

Funso nalo limasankha tanthauzo. Mtima ndi Mphete pa funso la chibwenzi ndi chinkhoswe. Makhadi omwewo pa funso la geni ndi pangano limene mwalikonda. Funsani funso lachindunji lokhala ndi malire a nthawi, monga lakuti kodi nkhani ya lendi ya nyumba iyenda bwanji mwezi uno, ndipo mulilembe musanasakanize makhadi. Osalemba, mudzapeza kuti mwalikhotetsa funsolo kuti ligwirizane ndi zimene zatuluka.

Khalani pa makhadi awiriwa milungu iwiri kapena itatu. M'mawa tulutsani awiri, lembani chiganizo chimodzi chachifupi, madzulo lembani zimene zachitika tsikulo. Muona kuti Chikwapu ndi Mbalame nthawi zambiri ndi kukangana pafoni chabe, si nkhondo. Pa makhadi 36 mumatuluka mapeyala 1,260 mukawerengera kuti itsogole ndi iti, ndiye musayese kuloweza mndandanda umene ena amagulitsa pa intaneti. Lamulo lija la dzina ndi chofotokoza ndi lokwanira.

Kope lomwelo likuonetsani pamene mwaphonya, ndipo mudzaphonya kambiri. Mtengo ukatuluka ndi Mitambo, pitani kuchipatala ngati thupi silili bwino, osati kukatulutsa makhadi ena. Makhadi sayeza magazi.

Atatu, asanu, 9

Pa makhadi atatu werengani yoyamba ndi yachiwiri, kenako yachiwiri ndi yachitatu, pomaliza yoyamba ndi yachitatu. Chombo, Nyumba, Dokowe: ulendo wa pabanja, pakhomo pakusintha, ndiye banja likusamukira kutali. Pa asanu, yapakati ndiyo mutu wa nkhani, ndipo mukamaliza mzere mulumikize yoyamba ndi yachisanu, yachiwiri ndi yachinayi.

Pa makhadi 9 yalani mizere itatu ya atatuatatu. Yambani ndi yapakati, kenako zapangodya zinayi, kenako mizere. Mzere wotsika wakumanzere ndi zakale, wapakati zalero, wakumanja zakutsogolo.

Grand Tableau

Uku ndi kuyala makhadi onse 36: mizere inayi ya makhadi 8 ndi mzere wa anayi pansi, kapena mizere inayi ya makhadi 9. Pezani Mwamuna kapena Mkazi, malinga ndi wofunsayo. Makhadi amene amuzungulira ndiwo a mphamvu, akutali mphamvu yake ndi yochepa. Mukafuna za ndalama, pezani Nsomba muone zimene zaizungulira, za chikondi pezani Mtima. Malo aliwonse ali ndi mwini wake potsata nambala, choncho khadi imene yagwera pamalo a 4, omwe ndi a Nyumba, ikunena za pakhomo. Ijambuleni pafoni musanasonkhanitse, ndipo musayalenso ina pasanathe mwezi.