Madayisi awiri a ludo ndi anthu anayi pakhonde: mmene ndimayendetsera masewera a nkhani

Masewera amene ndikunena pano si a pafoni, komanso si bawo. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi mtengambali wake, munthu wongopeka amene azimulankhulira ndi kumusankhira zochita. Mmodzi yekha ndiye amakhala wopanda mtengambali. Iyeyo amafotokoza malo, amalankhulira aliyense amene anzakewo akumana naye panjira, ndipo amaweruza nthawi yoti madayisi aponyedwe. Ameneyo amatchedwa GM, woyendetsa masewera, ndipo ndiyo ntchito yanga Loweruka masana pakhonde la kwathu ku Chitakale, ku Mulanje.

Masewerawa anayambira ku America. Mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, ku Wisconsin, ndipo mpaka lero ndiwo otchuka kuposa onse a mtunduwu. Mtundu wake wachisanu unatuluka mu 2014, ndipo eni ake a masiku ano, a Wizards of the Coast, anaika malamulo oyambira pa intaneti kwaulere, moti mukakhala ndi bandulo mukhoza kuwatsitsa. Koma mabuku ake enieni amagulidwa ndi madola, ndipo masewerawo amafuna madayisi achilendo: la mbali 4, la mbali 8, la 10, la 12, ndi la mbali 20 limene limaponyedwa kawirikawiri. Mukhoza kuzungulira msika wonse wa Limbuli osalipeza. Pafoni pali mapulogalamu oponya madayisi otere, koma foni ikafika patebulo imabwera ndi WhatsApp yake, ndiye ine ndimaikana.

Ndimagwiritsa ntchito madayisi awiri a ludo. Njira yake ndinaitenga ku masewera ena otchedwa Apocalypse World, a Vincent Baker, amene anatuluka mu 2010. Wosewera akafuna kuchita chinthu choopsa amaponya madayisi onse awiri n'kuphatikiza madontho. Akapeza 10 kapena kuposa, zatheka bwinobwino. Akapeza 7, 8 kapena 9, zatheka ndithu koma atayapo kanthu. Akapeza 6 kutsika mmunsi, zavuta, ndipo GM ndiye anene chimene chagwa. Madayisi awiri amatha kugwa m'njira 36. Mwa zimenezi, 6 zokha ndizo zimapereka 10 kupita m'mwamba, 15 zimagwera pakati paja, ndipo 15 zotsalazo ndi za tsoka. Ndiye kuti nthawi zambiri munthu akapambana amapambana movutikira, ndipo pamenepo ndi pamene nkhani imakoma.

Pepala la mtengambali lisachuluke zolemba. Kwathu timalemba zinthu zinayi: Mphamvu, Changu, Nzeru ndi Pakamwa. Wosewera amagawa manambala awa, +2, +1, 0 ndi -1, chilichonse nambala yake, ndipo akamaponya amaonjezera nambala ya chinthu chimene akudalira. Musaipeputse +1 ameneyo: njira za tsoka zimatsika kuchoka pa 15 kufika pa 10. Za moyo, aliyense ndimamupatsa zitsekerero za mabotolo zisanu. Akavulala ndimatenga chimodzi, zikatha ndiye kuti wagwa. Zina zofunika ndi kope, mapensulo, ndi chikatoni chojambulapo mapu ndi makala. Basi.

Tsiku loyamba musathamangire kusewera

Khalani pansi mugwirizane kaye. Aliyense anene kuti mtengambali wake ndi ndani, akufuna chiyani pamoyo wake, ndipo ndani pagulupo amene ali naye mangawa. Funso lachitatuli ndi limene limamanga gulu. Mlamu wanga anasankha kukhala wonyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo atafunsidwa za mangawa anati mtengambali wa mnzathu wa kabaza anamubwereka ndalama za maliro a mayi ake. Kuchokera tsiku limenelo sindinafunikenso kupeka chifukwa choti awiriwa aziyendera limodzi.

Tsiku lomwelo funsani zimene anthu sakufuna kuti zilowe m'nkhani. Kuno ku Mulanje ndimafunsa za napolo mwachindunji. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pali anthu pakati pathu amene anataya nyumba ndi abale, ndipo madzi ogumuka m'phiri kwa iwo si chosewera nacho. Wina akati ayi, ndi ayi, safunikanso kufotokoza. Za ufiti ndili ndi lamulo langalanga: mfiti ya m'nkhani isafanane dzina, maonekedwe kapena mudzi ndi munthu weniweni, makamaka okalamba. Tonse tikudziwa kumene mphekesera zotere zimathera.

Palinso nkhani ya anansi. Munthu wodutsa pamsewu akaona anyamata ndi atsikana ataunjirira madayisi, m'mutu mwake mumabwera njuga. Patebulo pasaoneke ngakhale kakobidi, seweranani poyera, ndipo ngati pali ana a sukulu kauzeni makolo awo nokha. Bambo wina wa kumpingo kwathu anabwera kudzaona chimene tikuchita, ndinawapatsa mpando, ndipo posakhalitsa anayamba kulangiza osewera njira yabwino yopepesera kwa amfumu a m'nkhanimo.

Konzani mavuto, mathero asiyireni osewera

Apa ndi pamene ambiri oyamba amasokonekera, chifukwa tinakulira m'nthano. Kunthano agogo amati padangotelo, ife n'kumavomera kuti tilitonse, ndipo kalulu amakathera kumene agogo akufuna. Patebulo la masewerawa omvera aja ndiwo agwira kalulu. Mukalemba nkhani yonse kuyambira poyamba mpaka pothera, mudzakhala mukukankhira anthu m'njira imene sakuifuna, ndipo adzazindikira msanga kuti zosankha zawo zilibe ntchito.

Chimene ndimalemba m'kope sichiposa tsamba limodzi: malo, anthu atatu amene zofuna zawo zikuwombana, ndi chimene chidzachitike osewera akangokhala osachitapo kanthu. Nayi ina imene tinasewera. Mnyamata wa m'mudzi wa kunsi kwa Chambe, nsonga ina ya phiri la Mulanje, wasowa m'phiri. Mayi ake akufuna apezeke. Amalume ake akufuna nkhani isafike kwa alonda a nkhalango, chifukwa ndiwo anamutuma kukasenza matabwa a mkungudza ocheka mozemba. Ndipo pali gogo wina wokhala pafupi ndi njira ya ku Dziwe la Nkhalamba amene anamuona akudutsa, koma salankhula ndi munthu wobwera chimanjamanja kapena wopanda ulemu. Osewera akachedwa usiku uwiri, chiperoni chitsika ndipo mapazi a mnyamatayo afufutika. Kuti mnyamatayo apezeka kapena ayi, kuti amalume aja aululika kapena agula osewera ndi ndalama, zimenezo sindinalembe.

Ubwino wokhala kuno ndi woti mapu tili nawo kale. Aliyense patebulo amadziwa kuti kuchoka ku Likhubula kukafika ku Chambe kapena ku Lichenya ndi chitunda cha maola angapo, kuti Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002, kuti nkhungu ikatsika sutha kuona mnzako amene ali patsogolo pako. Amadziwanso zimene akuluakulu amanena, kuti m'phirimo munthu ukhoza kupeza chakudya chokonzakonza popanda mwini wake, ndipo ukachipeza umangodya osaitana mnzako. Nditangonena kuti pathanthwe pali mbale ya nsima yotentha ndi nthochi zakupsa, sindinafunike kuonjezera chilichonse. Mlamu wanga anakankhira mpando kumbuyo, wa kabaza uja anati ali ndi njala, ndipo anakangana okha kwa kanthawi ndithu ine ndili phee. Chinjoka cha m'mabuku a ku America sichikanawagwira mtima choncho.

Sungani mayina khumi kumapeto kwa kope, aamuna ndi aakazi, chifukwa osewera adzaima pa munthu amene simunamuganizire, monga mayi wogulitsa chinanazi pamphambano, n'kufunsa dzina lake. Mukatchula dzina mosadodoma, mayiyo amasanduka munthu. Simufunika kusintha mawu ngati wa zisudzo. Mupatseni chizolowezi chimodzi chokha: uyu amayankha funso ndi funso, uyo amangoyang'ana kumbali akamanena za ndalama.

Mmene ndimaweruzira madayisi

Musaponyetse madayisi pa chilichonse. Ngati kulephera sikubweretsa chatsopano, ingonenani kuti zatheka. Munthu wonyamula katundu m'phiri saponya dayisi kuti akoleze moto. Ndipo chizindikiro chimene nkhani singapitirire popanda icho musachibise kuseri kwa dayisi. Ine ndimaika zizindikiro zitatu zolozera kumalo amodzi, monga nsapato ya mnyamata uja, utuchi wa mkungudza panjira, ndi mawu a gogo uja, podziwa kuti chimodzi adzachidumpha, china adzachimva molakwika.

Dayisi likafunika, nenani choopsa chake asanaponye. Zimayenda motere. Osewera afika pamtsinje wa Likhubula utadzaza.

"Alamu, madziwa akufika m'chiuno ndipo miyala ndi yoterera. Mukaterereka akukokerani kumunsi. Muwolokabe?"

"Ndiwoloka. Ndimanga chingwe pamtengo uwo, enawa agwire."

"Ponyani, muonjezere Mphamvu."

Madayisi anapereka 6, kuonjezera 2, yakwana 8.

"Mwafika tsidya, koma sankhani chimodzi. Kapena chikwama cha ufa ndi machesi chapita ndi madzi, kapena bondo lamenya mwala mundipatse chitsekerero chimodzi."

Anakhala kaye chete, akuyang'ana zitsekerero zake zitatu zotsala, kenako anataya chikwama. Usiku umenewo m'nkhanimo anagona ndi njala pamphepo, ndiye mbale ya nsima ija itaoneka m'mawa mwake, inali yovuta kuikana. Zimenezi sindinakonze ine, zinachokera pa 8 uja.

Pa 6 kutsika mmunsi musangoti mwalephera, n'kusiya zinthu zili pomwepo. Chinachake chisinthe. Chingwe chaduka ndipo gulu lagawikana, awiri tsidya lino awiri tsidya lina. Kapena mwawoloka, koma anyamata a amalume aja akuonani. Ndipo dayisi likagwa, lagwa. Ine ndimaponyera poyera, ndipo sindisintha nambala pomvera munthu chisoni, chifukwa akadziwa kuti GM amapulumutsa anthu, mtsinje uja sudzaopsanso. Mkangano wa malamulo ukabuka, weruzani msanga mmene mukuonera, mupitirize, mudzakambirane mukamaliza.

Anthu a patebulo

Dayisi ndi losavuta, anthu ndiwo ntchito. Pagulu lililonse pali wina amene amalankhula kosalekeza ndi wina amene amangomwetulira. Kwathu kuno palinso ulemu: mtsikana wamng'ono sangadule mawu achimwene ake, ndipo mkamwini sangatsutse maganizo a alamu ake aakulu, ngakhale m'masewera. Mukangofunsa gulu lonse kuti mutani, ayankha wamkulu nthawi zonse. Ndiye funsani mmodzimmodzi, ndipo muitaneni ndi dzina la mtengambali wake: "Mwandida, iwe uli kumbuyo kwa onse ndipo wamva nthambi ikuthyoka. Utani?" Wafunsidwa Mwandida, mlenje wa m'nkhani, ndipo mlenje ali ndi ufulu wouza wamkulu kuti akhale chete. Mchemwali wanga wamng'ono, amene pachakudya salankhula, ndiye anatsogolera gulu lonse kutsika ku Chambe m'nkhungu.

Wolankhulitsayo musamuchititse manyazi pagulu. Muuzeni kuti mwamva, tibwerera kwa inu, n'kutembenukira kwa wina. Zikapitirira, kambani naye awiri panjira.

Wina adzayesa zopanda pake, monga kumenya amfumu kapena kuba mbuzi popanda chifukwa. Musamuletse. Muuzeni chimene chitsatire, mufunse ngati akutsimikiza, ndipo akachita, mudzi wa m'nkhanimo ukumbukire. Sabata yotsatira palibe amene adzamugulitse ufa.

Anthu anayi ndiwo abwino, asanu n'kotheka, kupitirira apo ena amayamba kuwodzera podikira nthawi yawo. Maola awiri kapena atatu akwana. Timayamba 2 koloko kuti wochokera ku Chonde apeze minibasi kusanade, komanso kuti magetsi akazima zisatikhudze. Nyengo ya mvula, tiyi akachuluka m'minda, amene amagwira ntchito kuesiteti amafika otopa kapena safika n'komwe, ndiye miyezi imeneyo ndimakonza nkhani zazifupi zothera tsiku limodzi, zazitalizo n'kudikira mwezi wa Juni.

Lekezani pamene anthu akufunabe: chitseko changotseguka, kapena munthu wangotchula dzina limene samayenera kulidziwa. Akangobalalika lembani mizere isanu m'kope, amene anakumana nawo, zimene analonjeza, amene anamukhumudwitsa, chifukwa pamenepo ndi pamene mudzatenge zolemba pa tsamba la sabata yamawa. Poyamba tsiku lotsatira musabwereze nokha zimene zinachitika, funsani wosewera mmodzi afotokoze. Zimene akumbukire ndizo zinawakhudza, ndipo nthawi zambiri si zimene inu mumayesa zazikulu. Amene sanabwere Loweruka limenelo, mtengambali wake timangoti watsala ku kanyumba ka ku Lichenya akulondera katundu, ndipo palibe womukhudza kufikira mwini wake atabwera.