Momwe ndinapezera polowera mpweya mu tokamak

Titamaliza kutenthetsa chipinda cha tokamak yathu (makina osunga mpweya wotentha kwambiri, wotchedwa plasma, pogwiritsa ntchito maginito) pa madigiri 200 kuti chinyezi chichoke m'makoma, mpweya wotsala m'kati unakana kuchepa kufika pomwe timafuna. Nkhani imeneyi si yaing'ono. Plasma ya deuterium, mtundu wolemera wa hydrogen, imazizira msanga ikasakanikirana ndi oxygen, chifukwa kutentha kwake kumatayika kudzera m'kuwala.

Ndinayamba ndi RGA, makina osonyeza mitundu ya mpweya womwe uli m'chipindamo, mtundu uliwonse ndi nambala ya kulemera kwake. Chikanakhala chinyezi, nambala 18 ya madzi ndiyo ikanakwera. Koma zinakwera ndi 28 ndi 32, nitrogen ndi oxygen, nitrogen akuposa pafupifupi kanayi, ndipo 40 ya argon inalinso pomwepo. Umenewu ndi mpweya wa panja, ndiye kuti penapake panali potseguka.

Ndinalumikiza leak detector, makina ozindikira helium akalowa m'chipinda, ku mapampu ochotsa mpweya n'kuyamba kupopera helium pa malo olumikizira, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Helium amakwera, choncho mukayambira pansi amakalowa pamalo ena apamwamba n'kukusokeretsani. Malo oyandikana ndinkawakulunga ndi pulasitiki, ndipo ndikapopera ndinkadikira kaye, poti m'chipinda chachikulu chotere chizindikiro chimachedwa.

Chizindikirocho chinalumpha nditapopera pa kazenera koonera kuwala kwa plasma. Anzanga ankati tingomangitsa mabawuti, koma ndinakana: kumangitsa mopitirira kumawononga mpeni wa flange (chitsulo cholumikizira) umene umaluma gasket, mphete ya kopa yotsekera mpweya. Tinadzaza chipinda ndi nitrogen wouma, ndinaika gasket yatsopano, n'kumanga mabawuti pang'onopang'ono modumphadumpha, lina kuno lina kutsidya. Titatenthetsanso, 32 ndi 40 zinasowa pa RGA.