Chifukwa chake penti wa galimoto amamatuka, ndi momwe mungakonzere bodi musanapentenso

Munthu akaima pa depoti ya Mangochi n'kumayang'ana galimoto zopita ku Monkey Bay, Namwera kapena Makanjira, satenga nthawi kuti aone ina imene denga ndi boneti zili mbuu, penti akusupuka ngati njoka yofundula. Eni ake ambiri akatopa ndi maonekedwe amenewa amapita ku garaja n'kupempha kuti angoipopera pamwamba kuti iwale, koma mvula yoyamba ikangodutsa vuto lija limabweranso, nthawi zina loposa poyamba. Chifukwa chake n'chakuti penti watsopano sagwira pa chitsulo, amagwira pa chimene wachipeza, ndipo ngati chimenecho chili chomatuka kale, onse amachokera limodzi.

Penti wa galimoto yochokera ku fakitale amakhala wosanjikizana. Pansi penipeni pali wotchinjiriza chitsulo ku dzimbiri, pamwamba pake pali praima wothandiza penti kugwira, kenako penti wa mtundu, ndipo pomaliza pali kiliya, amene alibe mtundu koma ndiye amawalitsa galimoto ndi kuteteza zonse za pansizo. Onsewa pamodzi kuchindikala kwake sikusiyana kwenikweni ndi kwa pepala limodzi kapena awiri a m'kope, choncho n'zosadabwitsa kuti satha kupirira nkhanza kwa zaka zambiri.

Mdani woyamba kuno ndi dzuwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo chitsulo cha galimoto yoimikidwa pamtetete chimatentha koposa apo, moti dzanja silingakhalepo. Cheza cha dzuwa chimadya kiliya pang'onopang'ono mpaka amachita chifunga, amang'aluka, kenako amasiyana ndi penti wa mtundu. N'chifukwa chake denga, boneti ndi pamwamba pa buti ndizo zimayamba kuwonongeka pamene zitseko zikadali bwino. Galimoto zambiri zimene timagula kuchokera ku Japan zimafika zitatha kale zaka zingapo pamsewu, ndiye kiliya wake amakhala atayamba kale kufooka.

Zina timadziputira tokha. Kutsuka galimoto ndi sopo wa ufa wochapira zovala, kapena ndi madzi otunga m'mphepete mwa Shire ndi nyanja amene ali ndi mchenga, kumakanda kiliya tsiku ndi tsiku. Zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo zikaumira padzuwa zimaboola penti, ndipo mafuta a mabuleki akadonthera pa bodi amamufewetsa m'kanthawi kochepa. Amene amanyamula usipa ndi chambo pa pikapu amadziwanso mmene madzi a nsomba amakhalira m'makona a bodi mpaka dzimbiri litayamba kutukula penti kuchokera pansi.

Komabe pa galimoto imene inapentedwapo kale, cholakwa nthawi zambiri chimakhala cha m'garaja. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi ndalama zanga. Pikapu yanga inapentedwa m'masiku awiri okha pa garaja ina, ndipo ndinachoka ndikuyamikira changu chawo. Patatha miyezi ingapo ndinaona kachituza pafupi ndi chogwirira chitseko, ndipo nditakatokosa ndi chikhadabo chinachoka chipande chachikulu ngati chikhatho. Pansi pake panali penti wakale, wosalala ndi wonyezimira, wopanda ngakhale mkwasa umodzi wa sandipepa.

Yambani ndi kufufuza pamene penti akusiyanirana

Musanagule chilichonse, tokosani pamalo pomatukapo ndi kuona chimene chatsala pansi. Ngati chikuchoka ndi chikhungu choonekera ngati pulasitiki ndipo mtundu watsala, ndiye kuti kiliya yekha ndiye wafa. Ngati mukuona penti wakale wonyezimira, amene anapenta sanakwechese. Ngati mwafika pa chitsulo chofiirira, vuto ndi dzimbiri, ndipo dziwani kuti lafalikira kupitirira pamene maso akuonera.

Kuti mudziwe malire a penti wabwino, lembani timizere topingasana ndi lezala pafupi ndi powonongekapo, matanipo tepi yogwira kwambiri, kenako muisomphole mwamphamvu. Penti akatsatira tepi, pamenepo payeneranso kuchotsedwa, ndipo pitirizani kuyesa chapatali mpaka mutapeza pamene sakutsatira. Nyowetsaninso kansalu ndi thina (mankhwala osungunulira penti) n'kupukuta pamalo pobisika. Mtundu ukasungunuka n'kudetsa nsaluyo, penti wakaleyo ndi wouma ndi mpweya chabe, wopanda hardener (mankhwala olimbitsa penti), ndipo penti wa 2K, amene amasakanizidwa ndi hardener, akathiridwa pamwamba pake akhoza kumukwinyitsa, kotero ndi bwino kumuchotsa yense kapena kumutchinga ndi praima woyenera. Maginito nawo amathandiza: pamene sakugwira bwino pa bodi ya chitsulo pali fila (phala lomatira bodi) wochindikala amene wina anakwirira naye kuphwanyika.

Tsukani musanakwechese

Apa ndi pamene ambiri amalumpha. Tsukani galimoto yonse ndi sopo wa galimoto ndi madzi oyera, iume, kenako pukutani ndi mankhwala ochotsa mafuta ndi polishi amene amagulitsidwa pamodzi ndi penti. Gwiritsani ntchito nsalu ziwiri, ina yonyowetsera ndi ina youma yopukutira mankhwalawo asanaume, chifukwa akauma okha mafuta aja amangobwerera pamalo pake. Mukayamba ndi sandipepa musanachite zimenezi, mumalowetsa polishi ndi girisi m'mikwasa, ndipo pambuyo pake penti amachita timaenje tonga maso a nsomba. Petulo si woyenera pa ntchitoyi chifukwa naye amasiya mafuta. Chotsaninso zogwirira zitseko, magetsi, zilembo ndi malabala amene angachoke, pakuti penti wothera m'mphepete mwa tepi ndi amene amayamba kutukuka.

Chotsani chofooka chonse

Penti womatuka ndi dzimbiri zichotsedwe ndi sandipepa wa P80 mpaka mutafika pa chitsulo choyera kapena pa penti wolimba amene anakana kutsatira tepi. Nambala ya sandipepa ikakhala yaing'ono ndiye kuti ndi wokhakhala, ikamakwera amanka nasalala. Ngati kiliya wafa padenga kapena pa boneti, musavutike ndi kukonza chigambachigamba, chotsani pa chipande chonsecho, popeza amene akuoneka wabwino lero wapsa ndi dzuwa lomwelo. Pogwiritsa ntchito makina okwechesera musakhalitse pamalo amodzi, chifukwa chitsulo cha denga n'chopyapyala ndipo chikatentha chimapindika. Pamene dzimbiri laboola, mankhwala ake ndi kudula ndi kuwotcherera chitsulo china. Fila womata pabowo amamwa chinyezi kuchokera kumbuyo ndipo amagwa.

Mukatero salazani m'mphepete, pamene penti wakale akukumana ndi chitsulo, poyamba ndi P180 kenako P240 kapena P320, mpaka potsetserekapo patatambalala moti mukayendetsa chikhatho mutatsinzina simukumva pamene penti wayambira. Penti wakale yense amene atsale akwecheseni mpaka kunyezimira kutatheratu. Kamalo kalikonse konyezimira kamene katsala, kawirikawiri m'makona ndi m'munsi mwa zitseko, ndi kamene kadzayambe kumatuka, monga zinachitikira pa pikapu yanga ija.

Fila ndi praima

Fila ntchito yake ndi kusalaza zotsala chitsulo chitawongoledwa, osati kulowa m'malo mwa nyundo. Mumateni mopyapyala, mamilimita ochepa okha, ndipo sakanizani ndi hardener wake mpaka mtundu ukhale umodzi. Kuno kotentha amauma mofulumira, choncho muzisakaniza wochepa pa nthawi imodzi. Mukwecheseni wouma, ndi sandipepa wokulunga pa thabwa lathyathyathya, kuyambira P80 kukafika P180. Musamukwechese ndi madzi ngakhale fumbi likutopetseni, chifukwa fila amamwa madzi n'kuwasunga, ndipo dzuwa likawomba madziwo amatukula penti n'kupanga matuza.

Chitsulo chosenda chisagone chopanda kanthu, makamaka nthawi ya mvula ndi kufupi ndi nyanja kumene mpweya uli ndi chinyezi, pakuti dzimbiri limayamba usiku umodzi wokha. Chithireni tsiku lomwelo praima wogwira pa chitsulo, wa epoxy kapena wa etch, kenako praima wodzaza mikwasa. Praima wa etch asathiridwe pansi pa fila. Bampa ya pulasitiki imafuna praima wakewake wothandiza penti kugwira, ndipo kusowa kwake ndiko kumachititsa kuti mabampa ambiri m'tauni muno azisupuka pamene bodi ili bwino.

Praima akauma, wazanipo pang'ono penti wakuda ngati nkhungu, kenako kwechesani ndi thabwa lija pogwiritsa ntchito P400 mpaka P500, kapena P800 ngati mukukwechesa ndi madzi. Pamene kuda kwatsalira pali dzenje, pamene chitsulo chaonekera pali chitunda. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo, koma imaonetsa zimene maso sangazione mpaka kiliya atawala, nthawi yokonza itatha kale.

Tsiku lopopera

Pukutaninso ndi mankhwala ochotsa mafuta aja, ndipo kuyambira pamenepo musagwire bodi ndi manja, chifukwa thukuta la chala chimodzi limakwana kulepheretsa penti kugwira. Tsegulani pansi pa thanki ya kompuresa kuti madzi atuluke, ndipo pa paipi pakhale chosefera madzi ndi mafuta. Amene sanatsegulepo thanki yawo kwa sabata amadabwa ndi madzi a dzimbiri amene amatuluka, ndipo madzi amenewo akanathera mu penti. Malo opoperapo akhale otchingidwa, pansi powazidwa madzi kuti fumbi lisauluke. Pansi pa mtengo wa mango pali mthunzi wabwino wokwechesera, koma si popoperapo, makamaka m'miyezi ya mwera.

Nthawi yabwino ndi m'mawa, mame atauma koma dzuwa lisanakwere. Penti wothiridwa pa bodi yotentha amauma asanayale bwino, amakhala wa nthundunthundu ndipo sagwira mokwanira. Pogula funsani hardener ndi thina wouma mochedwa, wopangidwira nyengo yotentha. Praima, penti, kiliya ndi hardener zikhale za kampani imodzi ngati n'kotheka, ndipo muyeso wosakanizira utsatidwe monga walembedwera pa chitini, kaya ndi 2:1 kapena 4:1, poyeza ndi kapu ya manambala osati ndi maso. Kuchulukitsa thina kuti penti akwanire galimoto yonse ndi chinyengo chimene chimaululika chaka chisanathe.

Chopoperacho chitalikire bodi masentimita 15 mpaka 20, ndipo mzere uliwonse uziphimba theka la mzere wapitawo. Pakati pa kuthira koyamba ndi kwachiwiri dikirani mphindi zimene chitini chanena kuti thina atuluke. Kiliya athiridwe m'nthawi imene opanga anaika, kawirikawiri tsiku lomwelo, chifukwa penti wa mtundu akaumitsa kiliya amangokhala pamwamba osalumikizana naye. Wopopera avale chotchinga mphuno ndi pakamwa chokhala ndi zosefera za mankhwala, pakuti hardener wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene amawononga mapapo ndi kuyambitsa mphumu. Mpango womanga kumaso kapena kumwa mkaka pambuyo pake sizitchinjiriza kanthu.

Ngati ntchitoyi mukupereka kwa mmisiri, pitani kukaiona galimoto isanathiridwe praima, ndiponso isanathiridwe mtundu, ndipo yendetsani dzanja m'makona ndi m'munsi mwa zitseko. Mukailandira, penti amakhala wouma pamwamba koma akulimbabe m'kati, choncho kwa mwezi umodzi mpaka itatu musapake polishi ndipo musaifunditse pulasitiki. Muziitsuka ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa pamthunzi, ndipo zitosi za mbalame muzizichotsa ndi madzi tsiku lomwe zagwera, osazipala zitauma.